Sukulu sichotsa kupusa, imangokuveka taye

M'chaka cha 1904, mu labotale ya pa yunivesite ya Nancy ku France, nyali zinazimitsidwa kuti mlendo aone zodabwitsa. Mwini labotaleyo, René Blondlot, sanali munthu wamba. Anali pulofesa wa sayansi wolemekezeka, yemwe zaka za m'mbuyomo anayeza bwinobwino liwiro la mafunde a wailesi. Mu 1903 analengeza kuti watulukira cheza chatsopano chosaoneka ndi maso, m'bale wake wa cheza cha X-ray chomwe chinadziwika mu 1895, ndipo anachitcha cheza cha N potengera dzina la mzinda wa Nancy. Iye ankati chezachi chikagunda kaulusi kopakidwa mankhwala onyezimira mumdima, kaulusiko kamawala mowonjezereka pang'ono. Asayansi anzake oposa 100 anati nawonso achiona, ndipo malipoti pafupifupi 300 analembedwa.

Mlendoyo anali Robert Wood, wasayansi wa ku America. M'makina a Blondlot munali kachitsulo ka aluminiyamu ka ngodya zitatu, kamene ankati ndi komwe kamamwaza chezacho kuti chiyezedwe. Popanda kachitsuloko makinawo analibe ntchito. Mumdima muja Wood anangotambasula dzanja mwakachetechete n'kukachotsa. Blondlot sanadziwe kanthu. Anapitiriza kuyeza, akutchula pamene kaulusi kawala ndi pamene kazirala, manambala ake omwe aja a masiku onse. Wood atalemba zimenezi m'magazini ya Nature mu Seputembala chaka chomwecho, nkhani ya cheza cha N inayamba kufa.

Blondlot sankanama. Diso la munthu likakhalitsa mumdima limaona kuwala kofooka kukusinthasintha pakokha, ndipo ubongo umene ukuyembekezera kuona chinthu umatola kusintha kumene kukugwirizana ndi chiyembekezo chake n'kutaya kwinako. Bamboyu ankaonadi zimene ankanena. Zinali m'mutu mwake, osati pakaulusi.

Tikamva kuti wina waberedwa ndi akathyali kapena akumwa mankhwala achabe, timafulumira kugamula kuti ndi umbuli, vuto la kusapita kusukulu. Chigamulo chimenechi chimatisangalatsa chifukwa chimatiika ife kunja kwa mlandu. Koma anyani sasekana zikundu. Maganizo anga ndi akuti nzeru ndi maphunziro paokha siziteteza munthu ku zikhulupiriro zopusa, ndipo pankhani zimene munthu waikapo mtima zimatha kumumiza kwambiri. Nzeru zimagwira ntchito ngati loya. Loya safunsa ngati amene wamulemba ntchito ali wolakwa, amangomufunira mfundo. Amene amalemba ntchito nzeru zathu ndi mantha, dyera, kunyada ndi kufuna kuti a gulu lathu asatitaye. Loya akakhala wodziwa ntchito, ngakhale wakuba amatuluka m'khoti akumwetulira.

Kupusa kwina n'kwa ulesi chabe. Ndodo yomenyera mpira ndi kampira kake zikugulitsidwa $1.10 pamodzi, ndipo ndodoyo yaposa kampirako ndi $1. Kampirako ndi ndalama zingati? Yankho la masenti 10 limadumphira pakamwa lokha. Koma kampira kakakhala masenti 10, ndodo ikhala $1.10, zonse pamodzi $1.20. Yankho lolondola ndi masenti 5. Funsoli linatchuka kudzera m'kafukufuku wa Shane Frederick wa 2005, ndipo ophunzira ambiri pa mayunivesite a Harvard, MIT ndi Princeton ku America analiphonya. Masamu ake ndi a pulayimale. Analiphonya chifukwa yankho loyamba linamveka bwino, ndiye sanaone chifukwa choliyesera. Kupusa kotereku n'kosavuta kuchiza: mukamulozera munthu, amaseka n'kuvomera.

Kovuta n'kumene Peter Wason, katswiri wa maganizo a anthu, anaonetsa ku London mu 1960. Ankapatsa ophunzira manambala atatu, 2, 4, 6, n'kuwauza kuti manambalawa akutsata lamulo lina lomwe iye walisunga. Ntchito yawo inali kutchula manambala ena atatuatatu, iye n'kumayankha kuti inde kapena ayi, mpaka atalipeza lamulolo. Ambiri ankaganiza nthawi yomweyo kuti lamulo ndi kuwonjezera 2. Ankatchula 8, 10, 12. Inde. 20, 22, 24. Inde. 100, 102, 104. Inde. Kenako ankalengeza yankho lawo mosakayika, n'kulakwa. Lamulo linali lakuti manambala atatu alionse okwera. Mwa ophunzira 29, asanu ndi mmodzi okha ndi amene analipeza paulendo woyamba.

Taonani pamene panalakwika. Inde aliyense ankawawonjezera chikhulupiriro koma sankawaphunzitsa kanthu. Chomwe chikanawathandiza chinali kutchula manambala amene maganizo awo ankati akanidwa, monga 1, 2, 3 kapena 5, 19, 400. Akanamva inde pamenepo akanadziwa kuti maganizo awo agwa. Koma munthu sakonda kufunsa funso limene lingamugwetse. Amene akukhulupirira kuti mnzake wa kuntchito amamuda amawerenga tsiku lililonse limene sanamupatse moni, ndipo masiku amene anamupatsa sawaika m'kaundula.

Pankhani ya mankhwala vutoli limaoneka bwino kwambiri. Kuti mudziwe ngati mankhwala akugwira ntchito pamafunika magulu anayi a anthu: amene anamwa n'kuchira, amene anamwa koma sanachire, amene sanamwe koma anachira, ndi amene sanamwe ndipo sanachire. Maumboni onse amene timamva amachokera m'gulu loyamba lokha. A gulu lachiwiri amakhala chete ndi manyazi, ena ali kumanda, ndipo a gulu lachitatu palibe amawafunsa. Chimfine chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Munthu amathamangira mankhwala chikafika pachimake, cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, nthawi imene chatsala pang'ono kuyamba kutsika. Chilichonse chimene amwe pa tsikulo, ngakhale madzi a mtundu, chidzatamandidwa. N'chimodzimodzinso ndi msana, nyamakazi ndi matenda ena amene amakula n'kuchepa paokha.

Dan Kahan wa pa yunivesite ya Yale ndi anzake anayesa anthu 1,111 a ku America ndi magulu anayi omwewa mu 2013. Anawauza za mafuta odzola ochiza ziwengo. Mwa amene anadzola, 223 anapeza bwino ndipo 75 zinawaipira. Mwa amene sanadzole, 107 anapeza bwino ndipo 21 zinawaipira. Kodi mafutawo amathandiza? Diso limathamangira pa 223, nambala yaikulu kuposa zonse, n'kuvomera. Koma 223 mwa anthu 298 ndi pafupifupi 75 pa 100 alionse, pamene 107 mwa anthu 128 ndi pafupifupi 84 pa 100 alionse. Osadzola ndi amene anachira kwambiri. Apa odziwa masamu anakhoza kuposa anzawo, monga aliyense angayembekezere.

Kenako anthu ena anapatsidwa manambala omwewo, koma atalembedwa kuti ndi a mizinda imene inaletsa kuyenda ndi mfuti ndi imene sinaletse, nkhani yomwe imagawa anthu a ku America malinga ndi zipani. Odziwa masamu aja ankakhoza pamene yankho lolondola linali lokomera mbali yawo, ndipo ambiri ankaphonya pamene linali lowapweteka. Kusiyana kwa mbali ziwirizi kunali kwakukulu pakati pa odziwa masamu kuposa pakati pa osadziwa. Luso analinalo, koma ankalitulutsa pokhapokha yankho loyamba likawanyansa. Likawakomera, ankalilandira osaliyesa.

Linus Pauling analandira mphoto ya Nobel kawiri, ya sayansi ya kemisitiri mu 1954 ndi ya mtendere ya 1962. Atakula anakhulupirira kuti vitamini C wochuluka amateteza chimfine ndiponso amathandiza odwala khansa. Thupi la munthu wamkulu limafuna mamiligalamu 75 mpaka 90 patsiku; iye anafika pomamwa magalamu 18, kuchulukitsa ka 200. Chipatala cha Mayo Clinic chinayesa magalamu 10 patsiku pa odwala khansa kawiri konse, zotsatira zinatuluka mu 1979 ndi mu 1985, ndipo sipanaoneke phindu. Pauling sanagonje. Anapeza zifukwa zotsutsira kafukufuku aliyense, zifukwa zomveka zaukatswiri, zimene munthu wamba sakanatha kuziganiza n'komwe. Mlimi akalakwitsa amasowa chonena n'kusintha. Pauling chonena sichinkamuthera.

Apa pali msampha wa anthu ophunzira okhaokha. Munthu amene wakhala akukhoza kuyambira ali mwana amazolowera kuti akamva mumtima kuti walondola, amakhaladi atalondola. Kumva kumeneku amakutenga n'kupita nako kumunda umene sanalimepo. Injiniya amayamba kuphunzitsa za katemera, dokotala amaika chuma chake chonse pa malonda amene sakuwamvetsa. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo pomanga paja sankaoneka wopusa ayi, ankaoneka wodzidalira.

Wodzidalirayo akakhala ndi mphamvu, amalipira ndi ena. Thabo Mbeki, amene anaphunzira za chuma pa yunivesite ya Sussex, ndi munthu wowerenga kwambiri. Ali pulezidenti wa South Africa anatengeka ndi asayansi ochepa amene ankakana zoti kachilombo ka HIV ndi kamene kamayambitsa Edzi, ndipo mu 2000 anaika ena mwa iwo, kuphatikizapo pulofesa Peter Duesberg wa ku Berkeley, m'komiti yomulangiza. Kary Mullis, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, nayenso anali wa maganizo omwewo. Boma linachedwa kugawa ma ARV. Kafukufuku wa pa Harvard wa 2008 anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anamwalira pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwako, ndipo makanda pafupifupi 35,000 anabadwa ndi kachilomboka pamene akanatha kutetezedwa. Pagulu limeneli panalibe mbuli ngakhale imodzi.

Pa ndalama ndiye ophunzira amagwa chagada ngati pusi wa chakomachakoma uja. Isaac Newton, amene pa nthawiyo ankayang'anira nyumba yosula ndalama za dziko la Britain, anagula masheya a kampani ya South Sea. Mu 1720 mtengo wake unachoka pa mapaundi 128 mu Januwale kufika pafupifupi 1,000 pakati pa chaka. Newton anagulitsa msanga n'kupeza phindu labwino. Ataona anzake akulemererabe anabwereranso, n'kugula mtengo uli m'mwamba, ndipo utagwa anataya chuma chochuluka. Masamu sanamuthawe. Chinamugwetsa n'kuona anthu amene ankawaposa nzeru akumuposa chuma.

Akathyali amadziwa zimenezi kuposa mapulofesa. Charles Ponzi ku Boston mu 1920 ankalonjeza phindu la 50 pa 100 alionse m'masiku 45. Lonjezo lotere liyeseni polichulukitsa mpaka chaka. M'chaka muli maulendo 8 a masiku 45, ndipo 1.5 mukaichulukitsa yokha ka 8 mupeza 25.6. Ndiye kuti 100 ikhale 2,560 m'chaka chimodzi, ndi 65,000 m'zaka ziwiri. Munthu amene ali ndi bizinesi yotero angafunirenji ndalama zanu? Akanangokongola kubanki n'kudya yekha. Bizinesi yolembana anthu nayo masamu ake ndi achidule. Ngati aliyense ayenera kubweretsa anthu 6, mzere woyamba uli ndi anthu 6, wachiwiri 36, wachitatu 216, wachisanu 7,776, wa nambala 10 anthu oposa 60 miliyoni, ndipo wa nambala 13 ukufuna anthu 13 biliyoni, pamene dziko lonse lili ndi anthu ongopitirira 8 biliyoni. Nthawi iliyonse imene bizinesiyo igwe, anthu pafupifupi asanu mwa asanu ndi mmodzi alionse amakhala ali mumzere wapansi, osalandirapo kanthu.

Chimene chimapha anthu ochenjera n'chakuti amayesa kaye. Amaika zochepa, amalandiradi phindu, n'kunena kuti atsimikiza. Komatu kulipira oyamba ndi gawo la chinyengocho. Ndalama imene mwalandirayo ndi ya munthu amene walowa dzulo, ndipo mwapatsidwa kuti mubwere ndi zambiri komanso kuti mukauze abale anu. Kuyesa kwanuko ndi 8, 10, 12 wa Wason uja. Bernie Madoff, amene anakhalapo wapampando wa msika wa masheya wa Nasdaq, anazichita mwaukadaulo woposa. Sankalonjeza zodabwitsa, ankangopereka cha m'ma 10 mpaka 12 pa 100 alionse chaka ndi chaka, msika ukwere kapena utsike, ndipo ena ankawakana kuti amene walandiridwa adzione wamwayi. Harry Markopolos, katswiri wa zachuma, anayamba kuchenjeza bungwe loyang'anira msika la SEC mu 2000, atangoona kuti phindu losagwedezeka chotero silingatheke. Sanamveredwe. Madoff anamangidwa mu Disembala 2008, m'mabuku muli pafupifupi $65 biliyoni imene kunalibe. Mabanki ndi akatswiri a zachuma amene anaberedwa aliyense ankaganiza kuti mnzake anafufuza kale.

Onjezerani pamenepo kubwereza. Kuyambira 1977 akatswiri a maganizo aonetsa kuti chiganizo chimene munthu wachimvapo kale chimamveka choona kuposa chachilendo, ngakhale chikhale chabodza. Ndipo ofufuza a pa MIT atasanthula nkhani 126,000 za pa Twitter anapeza mu 2018 kuti nkhani yoona imatenga nthawi yotalika ka 6 kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza. Bodza limakhala latsopano ndi lodzidzimutsa, choonadi nthawi zambiri n'chozizira.

Wina anena kuti ngati zili choncho ndiye sukulu n'njachabe ndipo akatswiri tisamawamvere. Ayi. Amene anagwira Blondlot anali wasayansi, amene anayesa vitamini C anali madokotala, amene anaona chinyengo cha Madoff anali katswiri wa zachuma. Ndiponso palibe munthu angafufuze yekha chilichonse. Pafupifupi zonse zimene mukudziwa, kuyambira tsiku lanu lobadwa mpaka mtunda wa kukafika kudzuwa, munachita kuuzidwa. Kukayikira zonse si nzeru, ndi kupusa kwa mtundu wina, ndipo amene amadzitama kuti sakhulupirira madokotala kawirikawiri amakhulupirira munthu mmodzi wa pa YouTube ndi mtima wonse. Funso loyenera ndi lakuti amene akulankhulayu anayesedwa ndi ndani, ndipo akalakwa amamugwira ndani.

Ogulitsa mankhwala achabe amakonda kutchula Ignaz Semmelweis, dokotala wa ku Vienna amene anzake anamunyoza atanena mu 1847 kuti azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanagwire amayi oyembekezera. Zoona, anamunyoza, ndipo iye ndi amene analondola. Koma Semmelweis anabwera ndi kaundula. Mu Epulo chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 alionse anamwalira m'wodi yake, ndipo kusamba m'manja kutayamba chiwerengero chinatsikira cha pa 2 m'miyezi yochepa. Aliyense akanatha kuwerenga yekha. Kunyozedwa sikupangitsa munthu kukhala Semmelweis, ambiri amene amanyozedwa amakhala atalakwadi.

Ngati vuto si kuchepa kwa nzeru, mankhwala ake sangakhale kuganiza kwambiri, pakuti kuganiza kwambiri n'kupatsa loya uja nthawi yokonzekera. Chofunika ndi njira zimene zili kunja kwa mutu, zomwe sizidalira kuti tsiku limenelo muli oona mtima. Madokotala anafika pozindikira izi. Poyesa mankhwala atsopano, wodwala sadziwa ngati walandira mankhwala enieni kapena piritsi lopanda kanthu, dokotala womuyeza nayenso sadziwa, ndipo mndandanda wake umasungidwa ndi munthu wina mpaka kafukufuku atatha. Kuyambira 2005 magazini akuluakulu a zachipatala amafuna kuti kafukufuku alembetsedwe asanayambe, kuti ofufuza asadzasinthe funso ataona yankho. Uku n'kudzichotsera wekha kachitsulo ka aluminiyamu kaja.

Munthu wamba atha kuchita zofanana ndi pepala ndi cholembera. Musanayambe mankhwala, bizinesi kapena kutsatira wolosera zam'tsogolo, lembani chimene mukuyembekezera, nambala yake ndi tsiku lake, komanso chimene chikachitika mudzavomera kuti munalakwa. Osachisunga mumtima, chifukwa mtima umakonza zakale kuti zigwirizane ndi zalero. Mukauzidwa maperesenti, asandutseni anthu 1,000 n'kuwawerenga. Mu 1978 madokotala ndi ophunzira 60 a zipatala za Harvard anafunsidwa funso ili: matenda amagwira munthu mmodzi pa 1,000, ndipo chida choyezera chimanamizira anthu 5 pa 100 alionse amene alibe matendawo, munthu akapezeka nawo, mpata woti alidi nawo ndi wotani? Pafupifupi theka anati 95 pa 100, ndipo anthu 11 okha ndi amene anakhoza. Werengani anthuwo: pa 1,000 pali wodwala mmodzi, ndipo mwa 999 otsalawo chida chinamizira pafupifupi 50. Opezeka nawo ndi 51, wodwala weniweni ndi mmodzi, ndiye mpata ndi pafupifupi 2 pa 100. N'chifukwa chake pa matenda osowa kuyezetsa kumabwerezedwa asanayambe mankhwala.

Aliyense amene akukufulumizitsani, kuti mwayi ukutha lero kapena kuti musauze munthu, akukuchotsani dala pamene pali nthawi ndi anzanu, zinthu ziwiri zimene zikanakupulumutsani. Gonani nayo nkhaniyo masiku awiri. Ndipo mukafuna uphungu musapite kwa amene amakuvomerani zilizonse kapena amene adyapo mukalowa. Pitani kwa amene mukudziwa kuti atsutsa, mumupemphe mfundo yake yamphamvu kwambiri, kenako muibwereze m'mawu anu mpaka iye avomere kuti mwaimva. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale pa nthawiyo saoneka choncho. Samalani kwambiri ndi nkhani imene yakusangalatsani, makamaka yonyoza anthu amene mumadana nawo kale. Yokunyansani mudzaifufuza nokha popanda wokutumani.

Chovuta kwambiri ndi m'bale amene wamira kale. Kumutcha chitsiru kumangokweza mtengo wobwerera, chifukwa tsopano kuti asiye ayenera kuvomera pamaso panu kuti ndi chitsirudi, ndipo ambiri amasankha kuwonjezera ndalama kusiyana ndi kuvomera zimenezo. Amene waika zambiri, kapena amene analowetsamo anzake, ndi amene amateteza chinyengo mwamphamvu kuposa mwini wake. Mufunseni kuti akufotokozereni pang'onopang'ono mmene chinthucho chimagwirira ntchito: ndalama ikuchokera kuti, akugula katunduyo ndani kupatula omwe alowa, mankhwalawo akakalowa m'thupi amachita chiyani. Anthu ambiri amazindikira okha pakati pa chiganizo kuti sakudziwa, ndipo chimene munthu wazindikira yekha sachita nacho manyazi ngati chimene wauzidwa. Kenako mufunseni chimene chingamusinthe maganizo, ndipo mugwirizane tsiku. Akati akufuna kuona kaye, muuzeni ayese kutulutsa ndalama zake zonse, osati phindu lokha, aone zifukwa zimene apatsidwe. Akati palibe chimene chingamusinthe, musiyeni kaye, musamubwereke ndalama, ndipo tsiku limene adzabwere yekha musadzayambe ndi mawu akuti "ndinakuuzani".